Uthenga wa Ngozi Usagone Panjira

M'phunziro la lero tifuna kulingalira za ulendo umene anthu ambiri saulabadira kufikira tsiku la maliro, ndiwo ulendo wa uthenga wa ngozi, kuchokera kwa munthu amene waona ngoziyo ndi maso ake kukafika kwa mkulu wa polisi amene ali ndi mphamvu ya kulamula. Wapolisi wa pamsewu ali nawo maso ndi makutu, koma sangathe kuitana anzake mazana atatu, sangathenso kutseka misewu ya mzinda. Mkulu wa polisi ali nayo mphamvu yonseyo, koma ali kutali ndipo saona kanthu. Cholumikiza anthu awiriwa ndi uthenga basi. Uthengawo ukachedwa, woona ngoziyo amangoyang'ana, osatha kuchitapo kanthu, ndipo wamphamvu uja amagona tulo tabwino pamene anthu akufa.

Kuti zimenezi zimveke bwino, sitinena za m'mutu mwathu ai, koma titsata nkhani imodzi yoona, imene idachitika mu mzinda wa Seoul m'dziko la South Korea m'chaka cha 2022. Nkhaniyi tiri kuidziwa bwino chifukwa apolisi a dzikolo adaulula okha mawu a anthu amene adaimba lamya usiku umenewo, ndipo Nyumba ya Malamulo ndi mabwalo a milandu adafufuza nthawi imene mkulu aliyense adamva za ngoziyo.

1. Malo ake ndi tsiku lake

Itaewon ndi dera la mu mzinda wa Seoul, m'boma la Yongsan, lodzaza ndi nyumba zodyeramo ndi zovinira, ndipo achinyamata ndi alendo a maiko akunja amalikonda kwambiri. Chaka ndi chaka kumapeto kwa mwezi wa October anyamata ndi atsikana ankasonkhana kumeneko kuchita chikondwerero chotchedwa Halloween, mwambo wochokera ku maiko a azungu, umene anthu amavala zigoba ndi zovala zachilendo. M'zaka za 2020 ndi 2021 mliri wa Covid udachepetsa misonkhano yotere. Tsono m'chaka cha 2022, malamulo a mliri atachotsedwa, aliyense adadziwiratu kuti khamu lidzakhala lalikulu. Loweruka pa 29 October anthu pafupifupi 100,000 adafika m'derali.

Apolisi amene adatumidwa kumeneko adalipo 137, ndipo ambiri a iwo ntchito yawo idali yolonda mbava ndi ogulitsa mankhwala ozunguza bongo, osati yowongolera khamu. Magulu akuluakulu a apolisi oletsa zipolowe adali mbali zina za mzinda, kumene tsiku lomwelo kudali zionetsero za ndale.

Pafupi ndi nyumba ya alendo yotchedwa Hamilton Hotel pali kanjira kotsetsereka, kotalika ngati mamita 40, ndipo m'mimba mwake ndi mamita 4 okha, pena osakwana. Kumunsi kwa kanjirako kuli msewu waukulu ndi khomo la siteshoni ya sitima zoyenda pansi pa nthaka. Kumtunda kwake kuli msewu wa nyumba zodyeramo. Otuluka m'siteshoni ankakwera, ochokera kumtunda ankatsika, ndipo onsewo ankakumana pakati. Nthawi iri cha m'ma 10:15 usiku anthu ena adagwa, ena nawagwera pamwamba, ndipo khamu la kumbuyo, posadziwa zochitika kutsogolo, lidapitiriza kukankha. Anthu onse amene boma lidawawerenga kuti adafa chifukwa cha ngoziyi ndi 159. Ambiri adali a zaka za m'ma 20 ndi 30, akazi adachuluka kuposa amuna, ndipo 26 adali a maiko akunja.

Tiyenera kudziwa kuti imfa ya m'khamu ndi yofulumira. Munthu wopanikizidwa chifuwa mbali zonse sathanso kukoka mpweya, ndipo angathe kufa chiimire, osagwa pansi konse. Bongo ukasowa mpweya wabwino kwa mphindi zinai kapena zisanu ndi imodzi umayamba kuonongeka. Kumbukirani mphindi zochepazi pamene muwerenga za maola amene akulu adakhala osadziwa kanthu.

2. Anthu wamba adachenjeza

Makolo athu adati tsoka silinunkha. Koma tsoka la ku Itaewon lidanunkha kwa maola pafupifupi anai. Ku South Korea munthu wofuna apolisi amaimba nambala 112, wofuna ozimitsa moto ndi ambulansi amaimba 119. Nthawi ya 6:34 madzulo munthu woyamba adaimba 112, natchula kanjira komweko ka pafupi ndi hotela, nanena kuti anthu okwera ndi otsika akupanikizana kotero kuti ena angathe kufa, napempha kuti apolisi abwere kudzawongolera khamu. Kuyambira pamenepo kufikira 10:11 usiku, anthu adaimba lamya maulendo 11 kunena za chinthu chomwecho. Apolisi adatumidwa pa maulendo 4 okha. Pa ena 7 palibe amene adatumidwa.

Taonani tsono kumene kudali chilema. Lamya iliyonse idatengedwa ngati dandaulo lapalokha: wina wadandaula, tamuyankha, nkhani yatha. Panalibe munthu amene adasonkhanitsa madandaulo onsewo pamodzi ndi kunena kuti: anthu osadziwana akuimba kuchokera malo amodzi, akutchula chinthu chimodzi, ndipo akuimba pafupipafupi kuposa poyamba, iyi si nkhani ya ife tokha ai, tiwadzutse akulu. Apolisi a pa kasiteshoni ka ku Itaewon adagwira ntchito ndi mphamvu zawo zonse, ena mpaka mawu kuwathera chifukwa cha kufuula, koma adali ochepa. Zimene zikadapulumutsa anthu zidali zinthu zoposa mphamvu yawo: kuitana magulu ena a apolisi, kutseka msewu waukulu kuti khamu lipeze kopumira, kulamula kuti m'kanjirako anthu aziyenda kulowera mbali imodzi yokha, ndi kupempha kuti sitima zisaime pa siteshoni ya Itaewon. Zonsezi zimafuna liwu la mkulu, ndipo mkuluyo sadauzidwe.

3. Makwerero a ulamuliro

Polisi ya dziko lirilonse iri ngati makwerero. Ku Seoul makwerero ake adali otere: pansi apolisi a ku Itaewon, pamwamba pawo mkulu wa polisi ya boma la Yongsan, Lee Im-jae, pamwamba pa iyeyu mkulu wa polisi ya mzinda wonse wa Seoul, Kim Kwang-ho, ndipo pamwamba pa onse mkulu wa polisi ya dziko lonse, Yoon Hee-keun. Tiyeni tione kumene aliyense adali usiku umenewo.

Mkulu wa ku Yongsan adatha tsiku lonse akuyang'anira zionetsero zija. Atadya chakudya chamadzulo adakwera galimoto kupita ku Itaewon, ndipo cha m'ma 10 koloko adafika pafupi ndi siteshoni ya Noksapyeong, pamene munthu woyenda pansi akadafika pa malo a ngozi m'mphindi khumi. Poona kuti msewu wadzaza, iye adakhalabe m'galimoto, nazungulira kufuna njira ina kwa nthawi yoyandikira ola lathunthu. Adafika pa kasiteshoni ka polisi ka ku Itaewon nthawi ya 11:05, patapita mphindi 50 chiyambire anthu kugwa.

Ku likulu la polisi ya mzinda kuli chipinda cholandirira malamya a 112, ndipo usiku uliwonse pamakhala wapolisi wa udindo waukulu amene ntchito yake ndi kuyang'anira chipindacho ndi kudziwitsa akulu pakagwa chinthu choopsa. Amene adali pa ntchitoyo usiku umenewo sadali m'chipindamo, adali mu ofesi yake pa nsanja ina ya nyumbayo, ndipo adamva za ngoziyo nthawi ya 11:39.

Mkulu wa mzinda wonse adali kunyumba kwake. Adamva nthawi ya 11:36, pamene mkulu wa ku Yongsan adamuimbira lamya, ndipo adafika pa malopo nthawi ya 12:25. Gulu loyamba la apolisi oletsa zipolowe lidafika cha m'ma 11:40. Likulu la mzinda lidatumiza uthenga wake ku likulu la dziko pakati pa usiku patangopitirira pang'ono.

Mkulu wa dziko lonse adali pa tchuthi ku Jecheon, kutali ndi Seoul, kumene adapita kukakwera mapiri, ndipo adagona cha m'ma 11 koloko. Wa ku likulu adamulembera uthenga pa lamya ya m'manja nthawi ya 11:32, koma munthu wogona sawerenga. Adamuimbira nthawi ya 11:52, iye osamva. Adayankha nthawi ya 12:14, patangotsala mphindi imodzi kuti akwane maola awiri chiyambire ngozi. Msonkhano wake woyamba ndi akulu anzake udachitika nthawi ya 2:30 m'bandakucha.

Chodabwitsa ndi ichi. Ozimitsa moto, amene adalandira lamya nthawi ya 10:15, adatumiza uthenga wawo m'mwamba mwa njira yawoyawo. Motero Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Yoon Suk Yeol, adamva nthawi ya 11:01, ndipo Nduna ya za m'dziko, Lee Sang-min, idamva nthawi ya 11:20. Makwerero adatembenuzika: Mtsogoleri wa dziko adamva nduna yake isadamve, nduna idamva mkulu wa polisi ya mzinda asadamve, ndipo mkulu wa polisi ya dziko lonse ndiye adakhala wotsiriza.

Sitinena kuti kugona ndi kulakwa, kapena kuti mkulu sayenera kupita ku tchuthi. Munthu ndi munthu, amatopa. Chimene tinena nchakuti udindo sugona. Mwini udindo akagona, payenera kukhala wina wodzuka amene ali ndi mphamvu ya kulamula m'malo mwake, ndiponso njira yotsimikizika yomudzutsira iye mwini.

4. Zimene zimachedwetsa uthenga

Tikayang'anitsitsa nkhaniyi tipeza zinthu zinai zimene zimagoneka uthenga panjira, ndipo zinthuzi zimapezeka paliponse pamene pali akulu ndi ang'ono.

Choyamba ndi njira imodzi yokha. Ngati lamulo likuti wamng'ono auze womtsatira, womtsatirayo auze wina, kufikira kumwamba, ndiye kuti munthu mmodzi akachoka pa malo pake unyolo wonse waduka. Mmodzi adali m'galimoto, wina adali mu ofesi yake, wina adali mtulo. Aliyense adachedwetsa pang'ono, ndipo zochepazo zitaphatikizana zidakwana maola awiri. Chifukwa chake pa nkhani ya moyo ndi imfa wamng'ono ayenera kuloledwa kulumpha khwerero. Akaimba kwa womuyang'anira osayankhidwa, aimbe pomwepo kwa wapamwamba pake, ndipo asaimbidwe mlandu wa chipongwe.

Chachiwiri ndi mantha ndi manyazi. Wamng'ono amaopa kudzutsa bwana usiku, kuti mwina nkhaniyo idzapezeka yaing'ono, iye nadzudzulidwa. Koma mbewa ya manyazi idafera kuuna. Mankhwala a mantha amenewa ali m'manja mwa akulu eni ake. Mkulu amene amakalipira womudzutsa pachabe akuphunzitsa anthu ake kukhala chete pa tsiku la tsoka lenileni. Nkwabwino kudzutsidwa kakhumi popanda chifukwa kusiyana ndi kugona kamodzi pamene anthu akufa. Ndiponso nkofunika kuti mitundu ya zochitika zofuna kudziwitsa akulu ilembedwe poyera nthawi isadafike: imfa ya anthu ambiri kapena chiopsezo chake, moto waukulu, chigumula, kuombera mfuti, imfa ya munthu m'manja mwa apolisi, madandaulo obwerezabwereza ochokera malo amodzi. Zikalembedwa chotero, wapolisi wa usiku sayamba kulimbana ndi mtima wake kuti kodi ndimudzutse kapena ai, amangotsata cholembedwa.

Chachitatu ndi kufuna kudziwa zonse tisadanene kanthu. Ena amati: ndiyambe ndawerenga ovulala, kuti bwana akandifunsa ndisachite manyazi. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Uthenga woyamba suyenera kukhala wokwanira, uyenera kukhala wamsanga ndi woona. Wonenayo anene zimene waona, asiyanitse ndi zimene wangomva, ndipo alonjeze kuimbanso pakapita mphindi zakuti.

Chachinai ndi kuganiza kuti kutumiza ndi kufikitsa nchimodzimodzi. Uthenga wolembedwa wa 11:32 udatumizidwa ndithu, koma sudawerengedwe. Mthenga wa mfumu sasiya mawu pa khomo lotseka nabwerera. Amagogoda kufikira mwini nyumba atuluke, anene kuti wamva. Uthenga wa ngozi umatchedwa wofika pokhapokha wolandirayo atayankha ndi pakamwa pake.

Pano tionjeze chinthu china chotiphunzitsa. M'chaka cha 2014 sitima ya pamadzi yotchedwa Sewol idamira ku South Korea komweko, anthu 304 nafa, ambiri a iwo ana a sukulu. Pambuyo pake boma lidaononga ndalama zambiri kumanga njira imodzi ya mawailesi yoti apolisi, ozimitsa moto ndi akulu a boma azimverana nthawi imodzi, ndipo ntchitoyo idatha m'chaka cha 2021. Koma usiku wa ku Itaewon njirayo sidagwiritsidwe ntchito monga kudayenera, ndipo akulu a boma adavomera zimenezi. Chida chabwino sichithandiza munthu amene sadazolowere kuchigwira.

5. Uthenga wabwino ukhale ndi chiyani?

Tasimba za liwiro la uthenga. Tsopano tione za m'kati mwake. Pa ichi titengepo nzeru ya ku Britain, kumene apolisi, ozimitsa moto ndi a ambulansi amaphunzitsidwa kanenedwe kamodzi kotchedwa METHANE. Chilembo chirichonse cha dzinali chimakumbutsa funso limodzi m'Chingerezi, ndipo mafunsowo alipo 7. Kodi iyi ndi ngozi yaikulu yoposa mphamvu za amene alipo? Malo ake enieni ndi ati? Ndi ngozi ya mtundu wanji? Pali zoopsa zanji zimene ziripo kapena zingabwere? Njira yabwino yolowera ndi yotulukira ndi iti? Ovulala ndi angati, ndipo avulala motani? Ndani afika kale, ndipo ndani akufunikabe? Munthu wozolowera angathe kuyankha zonsezi m'mphindi imodzi, ndipo mkulu wozimva, ngakhale wangodzuka kumene, angathe kulamula mwanzeru.

Funso loyamba lija ndilo lalikulu. Kutchula ngozi kuti ndi yaikulu kuli ngati kuliza ng'oma ya pabwalo: zipatala zimakonzeka, antchito a kunyumba amaitanidwa, akulu amasonkhana. Ndipo ku Britain mphamvu ya kutchula chotero sidasungidwire akulu okha. Woyamba kufika pa malo angathe kutero.

Komabe dziko lomwelo litiphunzitsa kuti kanenedwe kabwino pakokha sikakwanira. Pa 22 May 2017 munthu adaphulitsa bomba pa nyumba ya zoimba ya Manchester Arena nthawi ya 10:31 usiku, anthu 22 nafa. Wapolisi amene adali pa udindo wolamula ku likulu usiku umenewo adamva msanga, koma ntchito zonse zidamuunjikira yekha, ndipo ofuna kulankhula naye sadathe kumupeza pa lamya. Zimene iye adagamula sizidafike kwa ozimitsa moto ndi a ambulansi, kotero kuti magalimoto a ozimitsa moto adafika patapita maola awiri. Kafukufuku wa boma amene adatsogolera Sir John Saunders adapeza m'chaka cha 2022 kuti mmodzi wa omwalirawo akadapulumuka chithandizo chikadafika bwino. Ku Seoul uthenga udalephera kukwera. Ku Manchester udakwera koma udalephera kutsikira m'mbali kwa anzawo ogwira nawo ntchito. Mutu umodzi susenza denga. Mkulu wolandira uthenga afunika omuthandiza kuugawa, apo ai iye mwini amasanduka khomo lopapatiza ngati kanjira kaja.

6. Mlandu suwola

Tibwerere ku Seoul. Pa 1 November 2022 mkulu wa polisi ya dziko lonse adaweramitsa mutu pamaso pa anthu, navomera kuti apolisi sadachite zokwanira ndi malamya aja. Mu January 2023 gulu lapadera lofufuza lidanena kuti ngoziyo idadza chifukwa cha kulephera kwa anthu, ndipo lidapereka anthu 23 kwa oimba milandu. Nyumba ya Malamulo idaimitsa Nduna ya za m'dziko mu February 2023, koma mu July chaka chomwecho bwalo loona za malamulo aakulu a dziko lidaibwezera pa udindo. Mu February 2024 akulu awiri a polisi adapezeka olakwa chifukwa cholamula kuti zikalata zochenjeza za kuchuluka kwa anthu, zimene zidalembedwa chikondwerero chisadachitike, zifafanizidwe. Mu September 2024 bwalo loyamba lidagamula kuti mkulu wa ku Yongsan akakhale m'ndende zaka 3 chifukwa cha kunyalanyaza ntchito. Mu October chaka chomwecho bwalo lidamasula mkulu wa mzinda, poona kuti panalibe umboni wokwanira wakuti iye akadatha kuoneratu ngoziyo ndi zimene adauzidwa.

Ife sitiri oweruza a milandu imeneyi. Koma chigamulo chotsirizachi chiyenera kutipatsa maganizo. Pamaso pa lamulo munthu angathe kumasulidwa chifukwa sadauzidwe. Nanga kusauzidwako kudachokera kuti? Amene amakonza njira ya uthenga, amene amasankha wokhala m'chipinda cha malamya, amene amaphunzitsa ang'ono kuti asaope kumudzutsa, ndi mkulu yemweyo. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ntchito ya mkulu siyamba pa ola limene wamva za ngozi ai. Imayamba miyezi yambiri m'mbuyo, pamene akonza kuti adzamve msanga. Kwa makolo amene adaika ana awo m'manda, mawu akuti sindidauzidwe satonthoza konse.

7. Gawo lathu

Mwina wina adzati: ine sindine wapolisi, phunziroli lindikhudza bwanji? Likukhudzani pawiri. Poyamba, khwerero loyamba la makwerero onse aja ndi munthu wamba. Amene adaimba nthawi ya 6:34 adachita bwino koposa: adatchula malo enieni, adanena chimene adaona, adatchula choopsa chake mosabisa, napempha chinthu chodziwika. Inunso mukaona choopsa chitani chomwecho. Musanene kuti ena aimba kale, pakuti kuchuluka kwa oimba ndiko kumasonyeza kukula kwa nkhani. Musakuze nkhani ndi mabodza, musaichepetsenso chifukwa cha ulemu. Funsani dzina la amene walandira mawu anu, sungani nthawi yake, ndipo mukaona kuti palibe chochitika, imbaninso ndi kupempha kulankhula ndi womuyang'anira.

Kachiwiri, ambiri a inu mumakonza misonkhano ya anthu ochuluka: maliro aakulu, maukwati, masewera, zaka ndi maulendo. Dziwitsani apolisi tsiku lisadafike, ndipo muwauze chiwerengero chimene muyembekeza. Yenderani malowo ndi kuona pamene pali popapatiza, makamaka pamene olowa ndi otuluka adzakumana. Sankhani munthu mmodzi wodziwika kwa onse amene adzalandira mawu a choopsa, ndi wachiwiri wake ngati woyambayo sapezeka, ndipo onse awiri akhale ndi nambala ya mkulu wa polisi wa dera lanu. Uzani achinyamata osunga dongosolo kuti akaona anthu ayamba kupanikizana athamange kukanena, ngakhale mwambo uli m'kati, ngakhale wolankhula ali munthu wolemekezeka. Ndipo inu akulu, mwana akadza kwa inu ndi mawu otere, musamuyang'ane ndi diso lomuchititsa manyazi. Mthokozeni, ngakhale zitapezeka kuti panalibe choopsa, kuti mawa adzabwerenso.

Mafunso okambirana

1. Kuyambira lamya yoyamba ya 6:34 kufikira ngozi ya 10:15, ndi zinthu ziti zimene mkulu akadalamula akadauzidwa?

2. Mwa zinthu zinai zochedwetsa uthenga, ndi chiti chimene chimaoneka kawirikawiri pakati pathu, ndipo tingachithetse bwanji?

3. Tchulani pamtima mafunso 7 a uthenga wabwino, ndipo yesani kuwayankha ngati kuti moto wagwa pa msika wa kwanu.

4. Pa msonkhano waukulu umene ukudza kwanuko, ndani adzalandira mawu a choopsa, ndipo iyeyo akapanda kupezeka adzalandira ndani?